Mwendo wa Amayi ndi Khodi ya Achimwene

3 Malichi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu. Ife kuno tilipo, kupatula amayi.

Ndalemba papepala ndipo ndijambula kalatayi n'kukutumizirani pafoni, chifukwa tikamayankhulana mawu amandithawa. Ndikamati ndiyambe, inu mumakhala mwatsanzika kale.

Chilonda cha amayi chija sichikupola. Chinayamba ngati kathuza pachidendene, tsopano chakula kuposa chikhatho changa ndipo chikukwera. Kuchipatala chaching'ono amatsuka n'kumanga, koma dzulo anamwino ananditengera pambali. Anati, "Iwe mtsikana, shuga ndi chilonda sizimvana. Awa akufunika kuchipatala chachikulu, akagonekedwe, madokotala akachotse mnofu wakufawu. Mukachedwa mudzandikumbuka." Kumeneko n'kolipira bedi ndi mankhwala, komanso pafunika galimoto yopitira. Zimene ndimalandira kochapa ndi kusita zovala zimathera lendi, chakudya ndi mabandeji.

Amayi anandiletsa kuuza munthu. Mukuwadziwa. Aneba akalowa amafunditsa mwendo ndi nsalu n'kunena kuti ndi nyamakazi chabe. Palibe waona chilondacho kupatula ine ndi anamwino. Koma inu ndinu mwana wawo, ndiye ndaphwanya lamulo.

Chonde tithandizeni mmene mungathere.

Ine mlongo wanu,
Chete

9 Malichi

Chete mlongo wanga,

Moni nonse. Alamu ako akupereka moni. Nanenso ndalemba, poti ndi zimene umakonda.

Nkhani ya amayi yandikhudza kwambiri. Kunena zoona m'thumba mulibe kanthu mwezi uno, koma mutu ukugwira ntchito. Tamvera pulani.

Kuno kuli ndalama za pa intaneti, timati kiripito. Sizidzera kubanki. Zimachoka pafoni ya munthu n'kulowa m'chikwama cha pafoni ya mnzake, ngakhale akhale kutsidya kwa nyanja. Ndakutumizira khodi, kabokosi ka timadontho takuda. Mkati mwakemo ndaikamo adiresi ya chikwama, ndalama imene tikupempha kwa munthu mmodzi, ndi mawu akuti "Chipatala, mankhwala a amayi". Munthu akangolozetsa kamera pamenepo zonse zimabwera zolembedwa kale, iye n'kungodina. Palinso linki yochita zomwezo. Munthu sakhala ndi nthawi yosintha maganizo, waona?

Ntchito yako ndi yochepa. Pita kwa afotokope akakusindikizire khodiyo papepala loyera. Amayi aligwire, uwajambule, unditumizire. Ine ndimwaza kwa anzanga akuntchito ndi akutchalitchi. Sabata imodzi yokha amayi akhala ali pabedi la chipatala.

Amalume usawavutitse nazo izi, ali ndi zawo. Ine ndilipo.

Mchimwene wako

14 Malichi

Okondedwa Achimwene,

Moni kwa inu ndi alamu. Chithunzi ndi chimenecho, pepani chachedwa.

Pepala loyamba makina a afotokope anadutsitsa mzere woyera pakati pa timadontho. Iwo anati zilibe kanthu, koma ndinawapempha abwereze. Lachiwiri ndinaliyerekeza ndi la pafoni mzere ndi mzere, likufanana. Ndinalinyamula pakati pa makatoni awiri kuti lisakwinyike.

Achimwene, mukanaona amayi nditawauza kuti mukufuna chithunzi chawo! Anati, "Wandisowa eti, mwana wanga?" Anakana kujambulidwa tsiku lomwelo. Anati munthu sajambulitsa ngati wagwidwa akuba nkhuku. Ndinapita ndi diresi lawo lobiriwira kuntchito n'kulisita ndi simbi yaikulu ija abwana atatuluka. M'mawa mwake ndinawasambitsa, ndinawapesa, ndinamanga bandeji yatsopano. Anavala ndolo zimene abambo anawagulira. Ndinasesa, ndinabisa beseni ndi mabotolo a mankhwala kuseri kwa chitseko, ndinawakhazika pampando pafupi ndi zenera. Mwendo anaufunditsa bwinobwino.

Pepala lija analiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Ichi n'chiyani, mphasa yodyedwa ndi chiswe?" Ndinati ndi adiresi yanu ya masiku ano. Anati, "Ndiye akukhala m'nyumba yobooka chonchi?" Anaseka mpaka kutsokomola. Sindinawamvepo akuseka chiyambire chilondachi.

Akufunsa ngati mungatitumizire chanu, muli ndi alamu.

Ine mlongo wanu,
Chete

15 Malichi

Chete,

Moni. Koma iwe uli bwinobwino? Ndinapempha chithunzi cha wodwala, wanditumizira cha mayi wa mkwatibwi. Ndolo! Ndani angatulutse ndalama yake chifukwa cha mayi wovala ndolo amene akumwetulira pazenera? Ndaonetsa mnzanga wakuntchito, wandifunsa ngati tikusonkhera phwando.

Anthu amapereka akaona chinthu chimene chawalepheretsa kumeza chakudya. Chilonda chioneke. Ujambule usanatsuke, bandeji utachotsa. Avale chovala chakale. Beseni ndi mabotolo ubweze pamalo pake. Pepala uliike pambali penipeni pa chilondacho, lowongoka, kuti foni izitha kuwerenga. Ntchentche zikabwera usaziingitse.

Ndikudziwa kuti amayi sangalole, ndiye usawafunse. Masana amagona, si choncho? Manyazi sachiza chilonda, mlongo wanga. Ukufuna mwendo kapena ukufuna ulemu? Sankha, koma usachedwe.

Mchimwene wako

20 Malichi

Achimwene,

Moni. Ndachita zimene munanena. Ndikupemphani muwerenge kaye musanatsegule chithunzicho.

Kalata yanu sindinawawerengere amayi. Ndinawauza kuti mwakondwa ndipo mwati ndolo zikuwakhala.

Ndinayesa kawiri n'kulephera. Dzulo atamwa mankhwala a ululu anagona tulo tofa nato. Ndinatseka chitseko. Ndinamasula bandeji pang'onopang'ono, inali itamatirira, ndinachita kunyowetsa ndi madzi ofunda kuti asadzuke. Fungo lake ndinalizolowera, ndimatsuka chilondachi tsiku lililonse ndipo sichinandinyansepo. Koma nditagwira pepala lanu ndi dzanja limodzi, foni ndi linalo, n'kuyamba kufunafuna mbali imene mafinya akuoneka bwino, nseru inandigwira. Sichinali chilonda chimene chinandinyansa. Ntchentche inatera, dzanja langa linanyamuka lokha kuti liingitse, ine n'kulibweza. Ndinaidikira ikhazikike. Amayi anga, ine n'kumadikira ntchentche.

Nditamaliza ndinatsuka, ndinamanga, ndinatuluka kukasanza kuseri kwa bafa. Atadzuka anati, "Lero wamanga bwino, sizikufinya."

Ndili ndi mapempho awiri. Nkhope yawo isaoneke pena paliponse pafupi ndi chithunzichi. Ndiponso chipite kwa anzanu okhawo munanena aja, ndipo ndalama zikakwana muchifufute. Mundilonjeze polemba.

Pafoni yanga ndafufuta kale.

Chete

6 Epulo

Achimwene,

Moni kwa inu ndi alamu. Chilandirireni chithunzi chija munangoyankha kuti "Izi ndiye zenizeni", kenako zii. Ndaimba, foni ikungolira. Kodi muli bwino?

Munati sabata imodzi. Zala ziwiri za amayi zada ndipo akuti sakuzimva. Usana akumatentha thupi. Anamwino andikalipira pamaso pa anthu pamzere, akuti, "Kodi mukudikira kuti mwendowu uyankhule wokha?" 

Kuntchito ndawotcha kolala ya shati ya kasitomala chifukwa cha maganizo. Sindinawotchepo chovala cha munthu chiyambire. Abwana sanandikalipire, anangondiyang'ana, ndipo zinandipweteka kuposa kukalipa.

Ngati zasonkhedwa zochepa, tumizani zomwezo tiyambirepo. Ngati palibe amene wapereka, ndiuzeni, sindikwiya. Ndingofuna kudziwa kuti ndione kwina kogogoda. Za malonjezo aja simunayankhe.

Chete

11 Epulo

Chete mlongo wanga,

Moni. Usamaimbe nthawi ya ntchito.

Nkhani yabwino ndi yakuti anthu apereka, ndipo apereka bwino. Chithunzi chako chagwira ntchito kuposa mmene ndimaganizira. Ndinachiphatikiza ndi choyamba chija, cha ndolo kumanzere, cha chilonda kumanja, n'kulemba kuti "Chaka chatha ndi lero". Anthu akulira nacho, ndikukuuza. Za nkhope usadandaule, mwendo wopanda nkhope palibe amene angaukhulupirire. Ndipo ndani akuwadziwa amayi kuno?

Vuto ndi laling'ono. Kiripito mtengo wake umakwera n'kutsika. Sabata imene anthu anapereka unali pamwamba, ndinati ndidikire pang'ono ukwerebe kuti tipezenso za ndege ndidzawaone. Ndiye watsika. Ndikasintha lero tiluza pafupifupi theka, ndipo kumeneko n'kutaya thukuta la anthu. Odziwa akuti ukwera mwezi usanathe. Izi iwe sungazimvetse, ingondikhulupirira.

Pakali pano uziwatsuka ndi madzi amchere. Amayi ndi olimba, anatilera okha.

Mchimwene wako

16 Epulo

Kwa iwe Chete, mwana wa mlongo wanga,

Moni ndikupatsa chifukwa ndi mwambo wa kalata, koma mtima wanga suli pamoni. Kalatayi ndapatsira woyendetsa basi, uwerenge wekha.

Lachiwiri ndikumeta kasitomala wanga wakale, mphunzitsi wa makompyuta, iye maso ali pafoni monga amachitira onse. Ndikuyang'ana pamwamba pa mutu wake ndinangoona nkhope ya mlongo wanga, ndolo zili ngwee. Pambali pake chinthu chimene sindingachilembe. Makina anandipulumuka, munthu ndinamuboola tsitsi pakati pamutu ngati bwalo la mpira.

Ndinati, "Aphunzitsi, awa ndi mlongo wanga wa bere limodzi." Ndinatulutsa ndalama zonse zimene zinali m'kabati kuti anditumizire pakhodipo, poti pafoni panalembedwa kuti Chipatala. Iwo anandigwira dzanja. Anati, "Akulu, dzina limeneli amalemba ndi amene wapanga khodi. Ine nditha kupanga yanga pompano n'kulemba kuti Kumwamba. Chimene chimalandira ndalama ndi adiresi, ndipo adiresi sinena mwini wake. Zikapita zapita, palibe ofesi yokadandaula."

Ndiye anafufuza. Mwana iwe, khala pansi. Chithunzicho chili m'magulu ambirimbiri, ndipo makhodi ake ndi osiyana. Pepala lako loyera lowongoka bwino lija, akuba akungomatapo khodi yawo pamwamba. Pena alemba kuti ndi mayi wamasiye wa ana asanu ndi atatu. Pena akuti analumidwa ndi njoka. Pena akuti anamwalira kale, akusonkhera bokosi. Mlongo wanga amene sanapemphepo mchere kwa neba, lero akupemphetsa m'matumba mwa anthu osawadziwa, ndalama zake n'kumadya mbava!

Za mchimwene wakoyo sindifunsa, fungo lake ndalimva. Kuyambira ali mwana ankagulitsa mabulo a anzake. Koma iwe? Amalume ako ndinafa liti? Ndili ndi mipando iwiri yometera ndi galasi lalikulu. Ukanandilembera mwezi watha bwenzi pano tikukamba zina.

Mpando umodzi ndi galasi ndapeza kale wogula. Ndifika Loweruka ndi galimoto. Longedza zovala zawo ndi mapepala a kuchipatala. Usawauze chifukwa chake, ndidzanena ndekha.

Malume wako

18 Epulo

Chete,

Moni. Amalume andiimbira, anditukwana mpaka foni kutentha. Unawauza ndiwe? Ndinakuuza kuti usawalowetse.

Iwo akuona ngati ine ndikusangalala. Woberedwa ndine! Anthu atenga chithunzi changa, ntchito yanga, akudyerapo. Kwa ine sikukulowanso kanthu chifukwa anthu asokonezeka, sakudziwa khodi yeniyeni. Abusa andiitana kundifunsa ngati amayi ali moyo kapena ayi. Ukudziwa manyazi ake?

Koma ndapeza njira. Chithunzi n'chosavuta kumata, kanema ndi wovuta. Ujambule kanema waufupi. Uyambire pankhope, utsike mpaka pachilonda osadula, pepala likhale m'manja mwawo likugwedezeka pang'ono. Atchule dzina langa ndi tsiku, anene kuti khodi yoona ndi iyi yokha. Akalira usaimitse. Zala zadazo zionekenso, poti sizinali pachithunzi choyamba.

Uchite amalume asanafike. Mtengo wayamba kukwera, tatsala pang'ono.

Mchimwene wako

5 Meyi

Achimwene,

Moni. Kanema sindinajambule ndipo sindidzajambula. Mafoni anu ndimawaona, sindikufuna kuyankha. Ndilemba zonse mwadongosolo kuti musadzati sindinakuuzeni.

Amalume anafika Loweruka lija. Amayi anakondwa, kenako anaona galimoto pakhomo ndi chikwama chimene ndinalongedza. Anafunsa kuti, "Achimwene, wakuuzani ndani?" Amalume anayamba za nyengo, za msewu, koma amayi anabwereza funso lomwelo. Amalume satha kunama. Anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi chija.

Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali. Anapempha magalasi awo. Ine ndinali nditaima pachitseko. Kenako analoza pakona ya pepala lija n'kunena kuti, "Chala ichi, chokhala ndi chipsera cha simbi, n'cha ndani?"

Ndinagwada. 

Anati, "Ndinali kuti ine?"

Ndinati, "Munali mtulo, amayi."

Sanandimenye, sanalire. Anakoka nsalu n'kufunditsa mwendo, ngakhale m'chipindamo munali ife atatu basi. M'galimoto njira yonse anayang'ana kunja. Titafika anauza anamwino kuti asambitsidwe ndi wina aliyense koma ine ayi. Ndinkagona pakhonde la wodi ndi odikirira odwala ena, chakudya ndinkapatsira amalume.

Madokotala anayesa kuchotsa mnofu wakufa kawiri. Wamkulu wawo anafunsa kuti tinali kuti nthawi yonseyi. Amalume anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Lachinayi la sabata yatha anadula mwendo pansi pa bondo.

Ali moyo. Kutentha thupi kwasiya ndipo akudya. Mayi wina wa bedi loyandikana nalo anawazindikira, anati, "Si inu a pafoni aja? Ine ndinamva kuti munamwalira, mwana wanga anaperekako ya bokosi." Amayi anayankha kuti, "Pepani, ndakukhumudwitsani." Wodi yonse inaseka, iwonso anaseka pang'ono, koma pambuyo pake anafunda kumutu mpaka madzulo.

Dzulo anandiitana koyamba. Anati ndiwapese. Ndikuwapesa ndinawafotokozera zonse za tsiku lija, mpaka za kusanza kuseri kwa bafa. Anafunsa ngati chithunzicho chingachotsedwe. Ndinawauza zimene aphunzitsi aja anauza amalume, kuti chafalikira kwambiri ndipo palibe angachitolere. Ndinawauzanso kuti ndalama munatumiza Lolemba zafika pafoni yanga, ndi uthenga wanu woti ndi zimene zatsala mutasintha. Anati ndizibwezere eni ake. Ndinati eni ake sadziwika, khodi sisunga maina. Kenako anati nditenge pepala ndilembe mawu awo osasintha ngakhale limodzi. Ndi awa.

"Mwana wanga, moni. Ndadzuka bwino. Ndinakubereka, ndinakusambitsa, ndinakuchapira matewera, ndipo sindinaitanepo anthu kuti adzaone zimene unkachita m'menemo. Mlongo wako ndamukhululukira chifukwa anasanza. Iwe sindinamve kuti unasanza. Mwendo wanga madokotala anautaya, koma ndikumva kuti ukuyendabe m'matauni, ukupempha. Ukakumana nawo usaupatse moni, si wanganso. Ndalama zako Chete akubwezera lero lomwe. Bedi alipira amalume ako ndi mpando wawo. Iwe ugule nsapato, poti mapazi uli nawo onse awiri."

Ndalemba monga ananenera. Ndalama ndabweza pa nambala imene zinachokera, muone ngati zafika.

Chete